Tisawatche alesi anthu wamba a mumzinda wa Roma wakale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imandikhudza nthawi zonse mbiri ya Aroma akale ikamakambidwa, kaya ndi m'kalasi, pa guwa kapena m'nkhani zolembedwa. Kawirikawiri timamva za mafumu aakulu aja otchedwa Kaisara, za nkhondo zawo ndi za mabwalo awo a masewera, koma anthu wamba akatchulidwa, amatchulidwa ngati khamu la alesi limene boma linkalitseka pakamwa ndi chakudya chaulere komanso zisangalalo kuti lisaukire. Amene anatchukitsa maganizo amenewa ndi Juvenal, mlakatuli wa ku Roma komweko amene ankalemba modzudzula cha m'ma 100 AD, ndipo anthu akhala akuwabwereza mpaka lero ngati kuti ndi choonadi chonse. Ine ndikuona kuti kutero ndi kuwalakwira anthu amene thukuta lawo ndi limene linkayendetsa mzindawo.

Pa nthawi ya mfumu Augustus, amene analamulira kuyambira 27 BC mpaka 14 AD, mzinda wa Roma unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo palibe mzinda wina wa ku Ulaya umene unadzafikanso pa chiwerengero chimenechi mpaka London cha m'ma 1800. Popeza ulendo wa munthu wamba unali wapansi, aliyense ankafuna kugona pafupi ndi ntchito yake, choncho malo atachepa anthu anayamba kumanga nyumba zosanjikizana. Mndandanda wina wa zaka za m'ma 300 AD ukusonyeza kuti nyumba zikuluzikulu za mabanja olemera sizinkakwana 2,000, pamene malo ogona a lendi, otchedwa insulae, ankaposa 40,000. Pansi pa nyumba zoterezi pankakhala mashopu, pamwamba pake pankakhala zipinda zabwino za anthu opezako bwino, ndipo munthu akamakwera masitepe, lendi inkatsika, zipinda zinkachepa, mdima unkachuluka. Wosauka kwambiri ndiye ankagona pansi penipeni pa denga, kumene kunalibe mpopi, chimbudzi ngakhale khitchini. Mayi wa m'chipinda chotero ankatsika m'mawa ndi mphika wa zonyansa za usiku, n'kukweranso ndi mtsuko wa madzi wochokera pa chitsime cha mumsewu, ndipo ankabwereza ulendowo tsiku lonse malinga ndi zosowa za pabanja. Eni nyumba ambiri, pofuna phindu, ankamanga ndi matabwa komanso makoma opyapyala, moti kugwa kwa nyumba sikunali kwachilendo. Augustus analetsa kumanga nyumba yoposa mamita pafupifupi 21, ndipo mfumu Trajan anatsitsa malirewo kufika pa mamita pafupifupi 18. Mapangano a lendi ankayamba pa 1 Julayi, tsiku limene olephera kulipira ankaoneka m'misewu atasenza timipando ndi timiphika tawo. Owerenga Baibulo akumbukira kuti mtumwi Paulo anakhala zaka ziwiri ku Roma m'nyumba yolipira, ndipo ambiri mwa Akhristu amene anawalembera kalata ayenera kuti ankaudziwa bwino moyo wa masitepe umenewu.

M'nyumba zamatabwa, zodzaza ndi anthu ophika ndi kuwotha pa mbaula komanso owunikira ndi nyale zamafuta, moto unali mdani wa tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 6 AD Augustus anakhazikitsa magulu asanu ndi awiri a ozimitsa moto, ambiri mwa iwo akapolo omasulidwa, amene ankayendera mzinda usiku atanyamula zidebe, nkhwangwa ndi mbedza zogwetsera nyumba kuti moto usalumphire kwina. Komabe mu Julayi chaka cha 64, moto umene unayambira m'mashopu a pafupi ndi bwalo la mipikisano ya ngolo la Circus Maximus unayaka masiku asanu ndi limodzi, n'kudzabukanso kachiwiri. Mwa zigawo 14 za mzindawo, zitatu zinapseratu, zisanu ndi ziwiri zinawonongeka kwambiri, ndipo zinayi zokha ndi zimene zinapulumuka. Timakonda kukambirana ngati Nero, mfumu ya nthawiyo, ndiye anayatsa motowo kapena ayi, koma sitifunsa kuti anthu osawerengeka amene anatsala ndi zovala za m'thupi zokha anagona kuti m'miyezi yotsatira, pamene mfumu inkatenga malo aakulu pakati pa mzinda kuti imangepo nyumba yake yachifumu. Tulo tenitenito tinali tosowa ngakhale popanda moto, chifukwa lamulo linkaletsa ngolo zambiri za katundu kulowa mumzinda masana, motero zinkagubuduka usiku wonse m'misewu yopapatiza ndi yopanda nyale.

Tsopano ndifike pa chakudya chaulere chija, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Ndi zoona kuti boma linkagawa tirigu mwezi uliwonse, koma pa nthawi ya Augustus olandira anali pafupifupi 200,000 okha, ndipo anali amuna amene anali nzika za Roma ndiponso olembedwa m'kaundula. Akapolo ndi alendo ochokera m'mayiko ena sanali m'gululo, ndipo gawo la mwamuna silinkawonjezeredwa chifukwa choti ali ndi mkazi ndi ana. Wolandira ankapita ndi chizindikiro chake pa tsiku ndi khomo limene anamuikira, n'kupatsidwa tirigu wolemera makilogalamu pafupifupi 33. Muyeso umenewu unkakwanira munthu mmodzi n'kutsalako pang'ono, koma sukanadyetsa banja lonse. Komanso anali tirigu wosapera, ndipo munthu wogona m'kachipinda kopanda uvuni ankayenera kulipira opera ndi ophika buledi, kapena kungophika phala pa mbaula. Kugawa buledi wophikaphika kunadzayamba mochedwa, m'zaka za m'ma 200. Nanga lendi, makala, mafuta a maolivi, vinyo, ndiwo ndi zovala zinkachokera kuti? Zonsezi zinkafuna ndalama, ndipo ndalamazo munthu ankazipeza pogwira ntchito, nthawi zambiri maganyu a tsiku limodzi opanda chitsimikizo cha mawa.

Ntchitoyo inalipo yambiri, ndipo inali yowawa. Tirigu wodyetsa Roma ankabwera pa zombo kuchokera ku Egypt ndi kumpoto kwa Africa. Mfumu Claudius anayamba kumanga doko latsopano pafupi ndi Ostia, tauni ya pamene mtsinje wa Tiber unkathira m'nyanja, m'chaka cha 42, ndipo Trajan anawonjezera lina la mbali zisanu ndi imodzi limene likuonekabe lero. Padokopo matumba ankatsitsidwa pamsana, kuyezedwa, kusungidwa m'nkhokwe, kenako kupakiridwa m'mabwato amene anthu kapena ng'ombe zinkawakoka ndi zingwe kukwera mtsinje wa Tiber mpaka mumzinda. Amene akufuna kuona kukula kwa ntchitoyi aganizire za phiri lotchedwa Monte Testaccio, lotalika mamita pafupifupi 35, limene lili mumzinda wa Roma mpaka pano. Phiri lonselo ndi mapale a mitsuko ya mafuta a maolivi, yambiri yochokera kumwera kwa Spain, yokwana mamiliyoni makumi angapo. Mtsuko umodzi wodzaza unkalemera makilogalamu pafupifupi 100, ndipo uliwonse unadutsa m'manja mwa anthu otsitsa, okhuthula, oswa ndi okwera nawo pamuluwo kukasanja mapale mwadongosolo. Alesi sakanatha kuunjika phiri limenelo.

Sindikukhulupiriranso kuti tirigu uja ankawachititsa anthu kukhala chete. M'chaka cha 51, chakudya chitasowa moti m'nkhokwe munatsala cha masiku 15 okha, khamu linamuzinga Claudius pabwalo lalikulu la mzinda n'kumugenda ndi zidutswa za buledi, ndipo iye anapulumukira pakhomo lakumbuyo la nyumba yachifumu. Pambuyo pake analonjeza kubwezera eni zombo amene angataye katundu poyenda panyanja m'nyengo yozizira. Apa zikuoneka kuti mafumu sankagawa tirigu chifukwa cha mtima wabwino wokha. Ankadziwa kuti mpando wawo sungakhazikike ngati anthu a m'nyumba zosanjikizana agona ndi njala.

Pa nkhani ya madzi, Aroma ayenera kuyamikiridwa ndithu. Ngalande 11 zinkabweretsa madzi kuchokera kumapiri ndi akasupe akutali, popanda makina opopera, madziwo akungotsetsereka pang'onopang'ono, ndipo ankatuluka usana ndi usiku m'zitsime za m'misewu kumene aliyense ankatunga ulere. Koma Frontinus, amene anapatsidwa udindo woyang'anira madzi m'chaka cha 97, anapeza kuti anthu ambiri ankaboola ngalandezo mobisa, mogwirizana ndi ogwira ntchito, n'kupatutsira madzi kuminda, kumashopu ndi kunyumba zawo. Iye analembanso kuti okonza ngalandezo anali akapolo pafupifupi 700. Chimodzimodzinso ndi nyumba zosambiramo zimene Aroma ankazinyadira. Munthu ankalowa polipira kandalama kochepetsetsa pa ndalama zonse, n'kudzola mafuta, kutuluka thukuta m'chipinda chotentha, kupala litsiro ndi kachitsulo kopindika, kenako kulowa m'madzi ozizira, uku akucheza ndi anzake za malonda ndi za mipikisano. Nyumba yosambiramo ya mfumu Caracalla, imene inatsegulidwa m'chaka cha 216, inkalandira anthu pafupifupi 1,600 nthawi imodzi. Koma pansi pa miyala yokongola imene osambawo ankapondapo panali tinjira tamdima todzaza utsi, mmene antchito ankasenza nkhuni ndi kusonkhezera ng'anjo tsiku lonse. Zovala zoyera za akuluakulu nazo zinkachapidwa ndi anthu opondaponda nsalu ndi mapazi m'madzi osakaniza ndi mkodzo wakale, umene mfumu Vespasian anaukhometsa msonkho.

Za masewera sindikana kuti anthu ankawakonda, ndipo nkhanza zimene zinkachitika m'mabwalo amenewo sindingaziikire kumbuyo. Koma tiyeni tiwerengere. Bwalo la Colosseum, limene mfumu Titus analitsegula m'chaka cha 80, linkakwana anthu pafupifupi 50,000, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 20 alionse a mumzindawo. Mipando yake inkatsata ulemerero: aphungu a nyumba ya malamulo kutsogolo, olemera ena pambuyo pawo, ndipo amayi ndi osaukitsitsa kumwamba kwenikweni. Kumene anthu wamba ankapita mwaunyinji kunali ku Circus Maximus, kokwana anthu osachepera 150,000, kukachemerera magulu a ngolo za akavalo odziwika ndi mitundu yobiriwira, yabuluu, yofiira ndi yoyera. Munthu amene wasenza matumba mlungu wonse akapita kukaonera mpikisano pa tsiku la chikondwerero, sindikuona chifukwa chomutchulira mlesi. Tikumbukirenso kuti kuti munthu akhale phungu ankayenera kukhala ndi chuma chokwana sestertii (ndalama za Aroma) 1,000,000, pamene msilikali wamba pa nthawi ya Augustus ankalandira sestertii 900 pa chaka, malipiro amene waganyu ankawasirira.

Chimene chimandikhudza koposa ndi mmene anthuwa ankakonzekerera imfa. Ana ambiri ankamwalira asanakwanitse chaka, malungo ankavuta kumapeto kwa nyengo yotentha, ndipo mliri umene unayamba cha m'ma 165 unapha anthu osawerengeka mu ufumu wonse. Wosauka ankaopa kwambiri kutayidwa popanda mwambo wa maliro, choncho amisiri, ochita malonda ang'onoang'ono ndi akapolo ankapanga mabungwe othandizana. Malamulo a bungwe lina lotere, ozokotedwa pamwala m'chaka cha 136 m'tauni ya Lanuvium kufupi ndi Roma, akuwerengekabe. Wolowa ankapereka sestertii 100 ndi mtsuko wa vinyo wabwino, kenako ankasonkha kangachepe mwezi uliwonse, ndipo akamwalira bungwe linkatulutsa sestertii 300 za maliro ake. Wosiya kusonkha kwa miyezi ingapo ankataya mwayiwo. Wotukwana mnzake pa phwando la bungwe ankalipira chindapusa. Ndipo panali lamulo lakuti ngati membala amene anali kapolo wamwalira, mbuye wake n'kukaniza mtembo mopanda chilungamo, anzake amuchitire mwambo wa maliro ngakhale popanda mtembowo. Anthu amene malamulo a dziko ankawaona ngati katundu anapeza pakati pa anzawo ulemu umene boma linawamana.

Pamiyala ya manda awo, ambiri sanalembetse china chodzitamandira nacho koma ntchito yawo. Kumanda a pafupi ndi Ostia kuli chithunzi chosema cha mzamba akuthandiza mayi kubereka, china cha wosula zitsulo pakati pa zida zake, ndi china cha kavalo akuzungulitsa mphero, pamene mumzinda wa Ostia munapezeka cha mayi wogulitsa nkhuku ndi zipatso ataima kuseri kwa tebulo lake.

Pempho langa, a Mkonzi, ndi lakuti nyuzipepala yanu ikamapereka malo ku nkhani za mbiri yakale, olemba anu azitiuzako za anthu otere, makamaka amayi ndi akapolo amene mawu awo sanalembedwe m'mabuku a anthu olemera. Ndikupemphanso aphunzitsi a mbiri kuti pamene akuphunzitsa mayina a mafumu ndi zaka za nkhondo, azipatula nthawi yowaonetsa ophunzira zithunzi za nyumba za lendi za ku Ostia, malo ophikira buledi a mumzinda wakale wa Aroma wa Pompeii ndi malamulo a bungwe la ku Lanuvium, pakuti zonsezi zikupezeka mosavuta m'mabuku ndi pa intaneti.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda mbiri yakale