Kwa mnzanga wa ku London, pa nkhani ya nyimbo za jazz-rock zimene zakukanikani

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili bwino. Uthenga wanu ndaulandira, uja mukudandaula kuti mwagula chimbale cha Miles Davis, woimba lipenga uja, cha Bitches Brew, mwachimvera kamodzi, ndipo mwangomva chiphokoso cha anthu oposa khumi, aliyense akuimba zake. Musachitaye ayi. Mwayambira pa chimbale chovuta kuposa zinzake, komanso mwachimvera mmene timamverera nyimbo za pa wailesi, kudikira vesi kenako kolasi. Mu jazz-rock, nyimbo zosakaniza jazi ndi roko, kawirikawiri mulibe woimba ndi pakamwa, mulibenso kolasi yobwerabwera, ndiye khutu limasowa pogwira. Ulendo woyamba khutu silinganyamule zida zonsezo pamodzi. Mulipatse chida chimodzi, lichizolowere, kenako mubwereze nyimbo yomweyo n'kutsata china.

Tiyambe ndi chomvera, chifukwa ambiri amagwera pomwepa asanadziwe. Sipika ya foni siitha kutulutsa mawu a pansi. Chingwe chachikulu cha gitala ya bezi chimalira pansi kwambiri, pa 41 Hz, ndipo kasipika kakang'ono kaja sikafika kumeneko. Tsono mu nyimbo zimenezi bezi ndiye imanyamula zonse, ikasowa mumatsala ndi lipenga ndi mbale zachitsulo za pa ng'oma zokhazokha, n'chifukwa chake zimamveka ngati phokoso. Valani mahedifoni a makutu onse awiri, ndipo muone m'foni kuti pamene palembedwa mono audio mpozimitsa. Pa Bitches Brew zimenezi n'zofunika kwambiri: m'nyimbo zambiri piyano yamagetsi ya Joe Zawinul ili kumanzere, ya Chick Corea kumanja, ng'oma za Lenny White kumanzere, za Jack DeJohnette kumanja. Mukaika kahedifoni kamodzi kukhutu mwataya theka la gulu, ndipo mukazisakaniza kukhala mono, mapiyano awiri aja amaphimbana. Fayilo ikhale ya 256 kbps kapena kuposa, chifukwa yopanikizidwa kwambiri imasandutsa mbale za ng'oma kukhala kaphokoso ka "shhh" kopanda malire, pomwe ndi mbalezo zimene zimakuuzani liwiro. Musakweze voliyumu mpaka kumapeto. Nyimbozi zimayamba pansi n'kukwera mwadzidzidzi, ndipo khutu likatopa limasiya kusiyanitsa.

Bitches Brew iyambe yadikira kaye. Yambani ndi Head Hunters ya Herbie Hancock, ya 1973, nyimbo yoyamba ija ya Chameleon. Ndi ya mphindi 15 ndi masekondi 41, koma gawo lake loyamba lakhazikika pa makodi awiri okha, B♭ minor 7 ndi E♭7, kupita ndi kubwerera. Ulendo woyamba ingoimverani yonse osaimitsa, osayesa kumvetsa chilichonse, kuti mungodziwa kutalika kwake ndi pamene ikusintha. Ulendo wachiwiri tsatani bezi yokha. Imene mukumva poyamba si gitala, ndi Hancock mwini wake pa sinthesaiza, kiyibodi yopanga mawu ndi magetsi, ya ARP Odyssey. Pano pali msampha: manotsi atatu oyambirira aja si poyambira kuwerenga. Ndi okwerera chabe, ndipo "wani", kugunda koyamba powerenga 1-2-3-4, akugwera pa noti yachinayi. Mukawerenga kuyambira pa noti yoyamba, ng'oma zikalowa mudzaona ngati Harvey Mason akuphonya, pomwe amene mwasochera ndinu. Imbani mzere wa beziwo ndi pakamwa mpaka muziutha nyimbo itazima. Ulendo wachitatu tsatani ng'oma, makamaka yoponda ndi phazi ndi sineya, ng'oma yaing'ono yolira mothetheka ija. Mudzaona kuti sineya yoyamba ikubwera msanga pang'ono kusiyana ndi pamene mukuiyembekezera, ndipo kukoma kwa nyimboyi kuli pomwepo. Chapakati zinthu zimatembenuka: Paul Jackson amatenga mzere watsopano pa gitala ya bezi, Hancock n'kusamukira pa piyano ya Fender Rhodes. Lembani papepala mphindi imene zimenezi zikuchitika. Kapepala kameneka, ka mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yonena kuti mphindi yakuti kwalowa chakuti, kamathandiza kuposa kuwerenga mbiri ya oimba.

Pa chimbale chomwecho, chiyambi cha Watermelon Man sichidzakudabwitsani kwenikweni. Bill Summers akuuzira m'botolo la mowa, kusinthanitsa mawu a botolo ndi a pakamwa, motsanzira kaimbidwe ka hindewhu ka anthu a mtundu wa Ba-Benzélé a ku Central African Republic. Ndipo pano ndinene chinthu chimene inu muli nacho kale. Pabwalo la gule ng'oma sizilira mofanana: ina imagwira mayendedwe osasintha, ina imaiyankha m'mipata, yaikulu n'kumalankhula ndi mapazi a wovina, ndipo palibe amene amati ndi chisokonezo, chifukwa aliyense amadziwa imene yagwira maziko. Khutu limenelo ndi lomwe likufunika kuno. Funso la ulendo uliwonse n'lakuti, ndani pano amene sakusintha? Mukamupeza, ena onse mudzawamva kuti akulankhula naye.

Musabwereze nyimbo imodzi kasanu usiku umodzi. Kawiri n'kokwanira, kenako mugone, mudzaimverenso mawa kapena mkuja. Cholinga n'chakuti mutu uyambe kudziwiratu chimene chikubwera. Mukayamba kumva mumtima kuti pano lipenga latsala pang'ono kulowa, lisanalowe, ndiye kuti gawo limenelo lakhazikika, ndipo khutu lapeza mpata womvera zina zimene zinali kumbuyo. Kuimvera mukutsuka mbale kapena muli m'basi n'kwabwino pozolowera mamvekedwe ake, koma sikulowa m'malo mwa kukhala pansi mphindi 20 osagwira foni.

Mukachoka apo pitani ku Weather Report, gulu la Zawinul ndi Wayne Shorter, chimbale cha Heavy Weather cha 1977. Birdland ndi yosavuta, ili ndi chuni chogwira msanga. Koma muchedwe pa A Remark You Made ndi Teen Town, chifukwa pamenepo mudzaphunzira kuti bezi nayo imatha kuimba chuni. Jaco Pastorius ankaimba bezi yochotsa tizitsulo tija togawa manotsi pakhosi pa gitala, n'chifukwa chake mawu ake amatsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina ngati munthu akuimba. Teen Town siikwana ndi mphindi zitatu zomwe, bezi ndiye ikutsogolera, ndipo ng'oma za m'nyimboyo anaimbanso ndi iye yemweyo. Popeza bezi yachoka pa ntchito yake ya masiku onse, amene wagwira maziko ndi hi-hat, timbale tiwiri tachitsulo totsekedwa ndi phazi. Gwirani imeneyo.

Tsopano Miles Davis, koma In a Silent Way kaye, imene anajambula pa 18 February 1969. Mbali yoyamba, Shhh/Peaceful, ndi ya mphindi 18. Tony Williams, amene ankatha kudzaza nyimbo yonse ndi ng'oma, pano akungogogoda hi-hat kuyambira poyamba mpaka kumapeto, ndipo Dave Holland pa bezi wakhazikika mozungulira noti ya D. Pamwamba pake mapiyano, ogani ndi gitala ya John McLaughlin zikuyandama. Apa mverani ndi funso limodzi: kodi gawo lomaliza mwalimvapo kale? Yankho ndi inde. Wojambulitsa chimbale, Teo Macero, anatenga pafupifupi mphindi zisanu ndi imodzi zoyambirira n'kuzimatanso kumapeto, tepi yomweyomweyo. Mukangozindikira zimenezi nokha, popanda kuyang'ana wotchi, dziwani kuti khutu layamba kusunga nyimbo zazitali. Mbali yachiwiri anaichitanso chimodzimodzi: kanyimbo kofatsa ka Zawinul kamatsegula, kenako n'kubweranso kudzatseka.

Kumene anthu ambiri amabwerera m'mbuyo ndi ku Mahavishnu Orchestra, gulu la McLaughlin ndi Billy Cobham pa ng'oma, Jan Hammer pa kiyibodi, Jerry Goodman pa vayolini ndi Rick Laird pa bezi. Vuto lake si liwiro lokha, ndi kawerengedwe. Nyimbo zambiri zimene tinakula nazo zimayenda 1-2-3-4 n'kubwerera. Vital Transformation, ya pa chimbale cha The Inner Mounting Flame cha 1971, imayenda pa 9/8, kutanthauza kugunda 9 isanabwerere. Phazi lanu likamagunda zinayizinayi, pakapita kanthawi limapezeka lasemphana ndi gulu, ndipo thupi limamva ngati nyimbo ikupunthwa. Musawerenge mpaka 9, simungakwanitse pa liwiro limenelo. Gawani: ziwiri, ziwiri, ziwiri, zitatu. Nenani ndi pakamwa "ta-ka ta-ka ta-ka ta-ki-ta", poyamba nyimbo itazima ndiponso pang'onopang'ono, dzanja likugunda bondo pa "ta" woyamba wa kagulu kalikonse. Kugunda katatu kofanana, kachinayi n'kotalikirapo. Kenako yatsani nyimbo, ndipo popeza Cobham amayamba yekha, muli ndi mpata womugwira gitala isanalowe. Mukasochera musathamangitse, dikirani mzere wa bezi ubwerere poyambira, mulowenso pamenepo. Ngati pulogalamu yanu imalola kuchepetsa liwiro kufika pa 0.75, teroni kawiri kapena katatu, koma musazolowere, chifukwa mphamvu ya nyimboyi ili m'liwiro lake lenileni.

Pa chimbale chawo cha 1973, Birds of Fire, pali nyimbo ya One Word imene imaphunzitsa chinthu china. Pakatha solo ya bezi, gawo limene bezi imatsogolera yokha, gitala, vayolini ndi sinthesaiza ya Moog zimayamba kulandizana, aliyense kagawo kake, ndipo timagawoto timanka tifupika mpaka onse atatu akuwombana, Cobham n'kutsala yekha. Chovuta n'chakuti zida zitatuzi zimamveka mofanana, chifukwa zonse zadutsa m'magetsi ndipo zonse zikupinda manotsi. Zisiyanitseni poyambira noti: gitala imayamba ndi kukhadzula kwa chokhwatchira, vayolini imakula pang'onopang'ono ndi kukoka kwa uta, Moog imangotulukira yosalala. Zikatere mumamva kuti ndi anthu atatu akuyankhana, osati munthu mmodzi akuthamanga.

Apa ndiye mubwerere ku Bitches Brew. Anaijambula masiku atatu, kuyambira pa 19 mpaka 21 August 1969, ndipo inatuluka mu 1970. Oimba sanapatsidwe nyimbo yolembedwa yonse, koma liwiro, makodi ochepa ndi tizidutswa ta chuni, ndipo Miles ankawatsogolera pomwepo. Penapake mudzamva ngakhale mawu ake osasa akulangiza. Choncho musafunefune vesi, kulibe. Musayambirenso pa nyimbo yoyamba. Yambani ndi Miles Runs the Voodoo Down, ya mphindi 14, imene imayenda pang'onopang'ono ndipo bezi yake ndi yoonekera. Kenako Spanish Key, mmene gulu limasamuka kiyi likangomva kachizindikiro kakafupi kuchokera kwa amene akutsogolera. Mukakadziwa kachizindikiroko, nyimbo ya mphindi 17 ija imagawika yokha m'magawo. Pharaoh's Dance ikhale yomaliza. Ili ndi malo 19 amene Macero anadula ndi kumata tepi, ndipo m'mphindi zoyambirira tizigawo tina timabwerezedwa ndendende. Ulendo umodzi tsatani klarineti ya bezi ya Bennie Maupin, mawu akuda aja okwawa pansi pa zonse, amene ambiri amawasokoneza ndi gitala ya bezi. Ulendo wina mverani khutu lamanzere lokha, wina lamanja. Chuni chenicheni cha nyimboyi chimadzamveka chathunthu chakumapeto, ndipo chimakoma kwa amene wadutsa m'mphindi zonse zija akumva tizidutswa take.

Ndisakunamizeni kuti chilichonse cholembedwa fusion, dzina lina la jazz-rock, n'choyenera khama limeneli. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunatuluka zimbale zambiri zimene zili ndi liwiro la zala basi, woimba aliyense kudikira nthawi yake yodzionetsa, osamvera mnzake. Muyeso wake ndi kubwereza komweku. Nyimbo yabwino ikafika ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi imakuonetsani chimene simunamve: bezi yayankha lipenga, ng'oma zatsitsa mphamvu kuti piyano idutse. Yopanda kanthu imanka ichepa, mpaka mumangotsala ndi kudabwa kuti munthuyu zala zake n'zothamanga. Imeneyo isiyeni, ngakhale dzina la woimbayo likhale lalikulu motani. Komanso pali zina zabwino zimene sizidzakukomerani basi, ngati Emergency! ya Tony Williams Lifetime ya 1969, imene kajambulidwe kake n'kokhakhala moti ena satha kukapirira. Palibe mlandu pamenepo.

Popeza muli ku London, muli ndi mwayi umene ambiri alibe. Kalabu ya Ronnie Scott's ili ku Soho, mu Frith Street, ndipo ndi komweko kumene Miles Davis anamva Dave Holland akuimba mu 1968 asanamuitanire ku New York. Mukapeza usiku umene kukuimba gulu la mtundu umenewu, pitani, mukakhale pamene mukuona bwino woimba ng'oma ndi wa bezi, osati kutsogolo kwa woimba solo. Maso amathandiza khutu: mudzaona kugwedeza mutu kumene kumatanthauza kuti solo yatha, ndi phazi lamanzere la wa ng'oma limene limasunga liwiro manja ake akuchita zina. Mukabwerako mudzandilembere kuti "wani" wa Chameleon mwamupeza pa noti iti.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine bwenzi lanu.