Kalata yotseguka kwa a Nduna a Zaumoyo: werenganinso anthu amene munawalemba kuti anachira

Olemekezeka a Nduna,

Landirani ulemu wanga. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa makalata atatu amene ndinatumiza ku ofesi yanu sanayankhidwe, ndipo tsiku limene ndinafikako ndekha ndinauzidwa kuti nkhani ya COVID-19 inatha kalekale.

M'nyumba mwanga sinathe. Mkazi wanga anadwala mu 2021, anagonekedwa m'chipatala masiku 9, ndipo atatulutsidwa analowa m'chiwerengero cha ochira chija chimene chinkalengezedwa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi cha odwala atsopano ndi cha omwalira. Iye ndi mphunzitsi wa masamu amene wagwira ntchito zaka 17. Masiku ano amatha kuima pamaso pa ana, choko chili m'manja, n'kuiwala zimene amanena chiganizo chisanathe, ana n'kumangomuyang'ana. Chowawa koposa ndi chimene chimatsatira akadzikakamiza. Akaphunzitsa tsiku lathunthu, mawa lake kapena mkuja wake thupi limakaniratu, mtima umagunda mothamanga ngakhale atangokhala pansi, ndipo pochoka pabedi kupita kosamba amapumira panjira. Kutopa kumeneku sikutha ndi tulo. Anamupima magazi, anamujambula pachifuwa, anafufuza chifuwa chachikulu ndi matenda a shuga, osapeza kanthu, ndipo dokotala amene anamuona komaliza anamuuza mwaulemu kuti mwina ndi maganizo chabe, ayambe kuthamanga m'mawa uliwonse. Anamvera, ndipo anagona masabata awiri osadzuka. Kuntchito anzake ayamba kunong'onezana kuti walowa ulesi, ndipo ndamupezapo akulira yekha podzifunsa ngati mwina akunena zoona.

Matenda amenewa ali ndi dzina, a Nduna, ndipo akatswiri a mu unduna wanu akulidziwa. Mu Okutobala 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kuti long COVID ndi zizindikiro zimene zimakhalapo patatha miyezi itatu chiyambire kudwala, zimatenga miyezi iwiri kapena kuposa, ndipo palibe matenda ena amene angazifotokoze. Zodziwika kwambiri ndi kutopa, kupuma movutikira ndi kusokonezeka kwa kukumbukira, zomwezo zimene ndimaziona tsiku lililonse. Ku Wuhan, mwa odwala 1,733 amene anatuluka m'chipatala, oposa theka anali akadali ndi chizindikiro chimodzi kapena zingapo patatha miyezi 6. Ku Netherlands kafukufuku wa mu 2022 anapeza zizindikirozi pa munthu mmodzi mwa 8 aliwonse amene anadwala COVID-19. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho, wa anthu 1.2 miliyoni a m'mayiko 22, anapeza anthu 6 mwa 100, amayi akuchuluka pafupifupi kawiri kuposa abambo, ndipo mwa odwalawo 15 mwa 100 anali asanachire chitatha chaka. Ku United Kingdom anthu 1.9 miliyoni ananena mu Malichi 2023 kuti akuvutika nawo.

Ndikudziwa kuti ziwerengerozi zikusiyana, ndipo ndamvapo ena akugwiritsa ntchito kusiyanako ngati chifukwa chokhalira chete. Zimasiyana chifukwa ena anawerenga ogonekedwa m'chipatala okha, amene amavutika kwambiri, pamene ena anawerenga aliyense amene anadwala, komanso chifukwa katemera amachepetsa chiopsezo. Koma ngakhale mutasankha chiwerengero chotsikitsitsa cha 6 mwa 100, n'kuchichulukitsa ndi anthu onse amene unduna wanu unalengeza kuti anadwala, mupeza khamu la anthu loti silingabisike. Anthu amenewa ali kuti m'mabuku anu?

Sindikuiwala zimene ogwira ntchito zachipatala anachita mliri utafika pachimake, ndipo ena mwa iwo anataya miyoyo posamalira odwala ngati mkazi wanga. N'zodziwika kuti ndalama za unduna n'zochepa pamene matenda ofuna thandizo ndi ambiri. Komabe nthawi imene ija tinauzidwa kuti tivale zotchinga pakamwa ndi pamphuno, tikhale m'nyumba, tibayitse katemera, ndipo tinamvera zonse chifukwa tinalonjezedwa kuti sitidzatayidwa. Potuluka m'chipatala mkazi wanga anauzidwa kuti adzaitanidwa kuti akamuonenso, koma mpaka lero foni sinalire. Pamene WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 sikhalanso m'gulu la zadzidzidzi za dziko lonse, inachenjeza kuti matendawa akadali chiopsezo, koma zikuoneka kuti ku ofesi yanu kunamveka theka loyamba lokha la uthengawo.

Chimene ndikupempha sichifuna nyumba zatsopano kapena makina okwera mtengo. Lamulani kuti zipatala zonse ziyambe kulemba odwala amenewa m'kaundula pogwiritsa ntchito nambala U09.9, imene WHO inaika kale m'ndandanda wa matenda, ndipo chaka chisanathe mutiuze poyera kuti alipo angati. Madokotala ndi anamwino alandire malangizo olembedwa, kuti pasadzapezekenso wodwala wouzidwa kuti akathamange pamene thupi lake limagwa likakakamizidwa, chifukwa chimene chimathandiza anthu otere ndi kugawa mphamvu zawo mosamala ndi kupuma asanatheretu. Pakhalenso kalata yovomerezeka imene wodwala angapereke kwa abwana ake, yomulola kuchepetsa maola a ntchito popanda kuopa kuchotsedwa.

Mankhwala ochiritsiratu sanapezeke, ndipo sindikukupemphani chozizwitsa. Ndikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 30, lonena kuti kuwerengako kuyamba liti komanso amene adzakuyang'anira ndani. Tsiku limene kaundulayo adzatsegulidwe ndidzabwera naye mkazi wanga kuti alembedwe, ndipo ndikupempha kuti pamalo olemberawo padzakhale mipando, chifukwa sangathe kuima pamzere nthawi yaitali.

Ine wanu,
Mwamuna wa mmodzi mwa amene analembedwa kuti anachira