Ana ochedwa kumvetsa zinthu akamaliza pulaimale apite kuti?

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulire achinyamata omwe ali ndi ulumali wochedwa kumvetsa zinthu kuno ku Mulanje. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makolo ambiri asiya kubisa ana otere m'nyumba, ndipo aphunzitsi omwe adasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, yophunzitsa kaphunzitsidwe ka ana aulumali, akuyesetsa. Koma mwana akalephera mayeso a Sitandade 8, njira imathera pomwepo.

Mnyamata amene wavutikira zaka zambiri kuti adziwe kulemba dzina lake ndi kuzindikira ndalama amangobwerera pakhonde. Pakatha chaka, zambiri waiwala. Ena mumawaona pa Chitakale kapena pamsika wa Limbuli akusenza katundu tsiku lonse, malipiro ake chigumu, poti sadziwa kuwerengera. Za atsikana ndiye zimandisowetsa tulo: abambo opanda chisoni amawapatsa mimba n'kukana, nkhani n'kuzimirira pabwalo la amfumu, osafika kupolisi.

Chonsecho anawa manja ali nawo. Angathe kuweta nkhuku, kusamala nazale ya mitengo, kuluka mphasa, ngakhale kuthyola tiyi ngati kapitawo ali woleza mtima. Chofunika ndi kuwasonyeza mobwerezabwereza, osawakalipira. Koma sukulu zambiri za ntchito zamanja zimayamba zafunsa satifiketi, yomwe iwo alibe.

Ndikupempha a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ndi akhonsolo kuti apeze amisiri am'midzi omwe angaphunzitse achinyamatawa kufupi ndi kwawo, ndipo maphunzirowo azikambidwa ndi makolo mwanayo asanachoke pasukulu.

Kholo lokhudzidwa,
Mulanje