Kalata yochokera ku London

Chemwali wanga,

Kalata yako inandipeza Lachitatu ndipo ndaiwerenga katatu. Ukuti ndakuiwala? Nanga amene anakhala phee miyezi inayi yathunthu ndani, si iweyo?

Loweruka sindinali pantchito, ndiye ndinapita ku St Paul's, tchalitchi chachikulu cha Anglican chija anakwatiriranamo Charles ndi Diana mu 1981. Uchikumbuka, chinali pa kalendala ija amayi ako anakana kuichotsa pakhoma mpaka inachita kuyezuka. Pakhomo amalipiritsa, mtima unandiwawa ndithu, pajatu kwathu m'nyumba ya Mulungu timangolowa. Ndamva pambuyo pake kuti ukabwera nthawi ya mapemphero sulipira kanthu. Nsapato zomwe ndinavalanso zinandiluma tsiku lonse, chithendene chikadali ndi matuza.

Koma nyumbayo, iwe! Tchalitchi chakale chinapsa pamoto wa 1666 umene unapsereza mzindawu, ndiye mmisiri wina, Christopher Wren, anayamba kumanga ichi mu 1675, n'kudzamaliza mu 1710. Zaka 35 anthu akusenza miyala. Denga lake ndi lobulungira ngati mphika wovundikira, kutalika mamita 111 kukafika pamtanda. Ukakwera masitepe 257 umafika pakhonde lozungulira m'kati mwa dengalo, amati Whispering Gallery. Ukanong'onezera khoma, munthu amene ali tsidya linalo amamva bwinobwino. Pompo ndinakumbukira iwe ndi amake Tadala. Miseche yanu ya pamjigo ija, mukanaichitira pamenepo, bwenzi mudzi wonse utakuitanirani kwa amfumu. Ndinapitiriza mpaka pamwamba penipeni, masitepe 528, n'kuona mtsinje wa Thames uli mbuu ndi chifunga.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi cha pansi. Kunsi kwa tchalitchiko kuli manda. A Nelson ndi Wellington, akuluakulu ankhondo aja, ndi zimiyala zikuluzikulu zonyezimira. A Wren mwiniwake ali pakona, mwala wakuda wopanda zokongoletsa, ndipo pakhoma pali mawu a Chilatini akuti ngati ukufuna chikumbutso chake, ungoyang'ana pozungulira iwe. Ndinaima pamenepo miyendo ili zii, misozi n'kuyamba yokha.

Bambo anga aja, chemwali. Njerwa za tchalitchi chathu anaumba ndani? Anawotcha uvuni ndani, usiku wonse osagona, maso ali psuu ndi utsi? Lero chaka chachitatu ali pansi, pamanda pawo palibe ngakhale chiliza. Ndalama za simenti ndi njerwa ndinatumiza kwa amalume mu Meyi. Ndikaimba foni amati mmisiri wadwala, tsiku lina amati mchenga sunabwere, tsiku lina foni imangoitana. Mvula ili pafupi. Mtumbira uja unali utayamba kale kutitimira pamene ndinkachoka, ndipo kamtanda kathabwa kaja chiswe sichingakasiye. Usiku ndimadzidzimuka n'kumaganiza kuti ndidzafika kumudzi, ndidzalowa kumanda ndi ana anga, n'kumafunsa anthu kuti bambo anagona pati. Mzungu wa zaka 300 zapitazo ndamupeza pomwe ali osafunsa munthu, bambo anga ondibereka ndidzachite kufunsa? Sindikudya bwino ndi nkhani imeneyi.

Chonde, upite ukaone ndi maso ako. Usadzere kwa amalume, ukayambe kwa azakhali, iwo adziwa mopemphera kwa amfumu kuti mulowe kumandako. Ukajambule n'kunditumizira pa WhatsApp. Ngati simenti inagulidwa, uione matumba ake, uwawerenge.

Viza anandiwonjezera, mwina unamva kale. Ufa kuno wakweranso mtengo, ndipo nsima yake siigwirana, imangomata m'manja. Kunja kumada 4 koloko isanakwane n'komwe. Uwauze amake Tadala kuti chitenje chawo ndinagula, koma wobwera nacho ndiye sindinamupeze, yemwe ndinkadalira uja wasintha tsiku, ndipo ine mawa ndilowa 6 koloko m'mawa, maso akulemera, za mwana wa achimwene ako uja ndidzakulembera tsiku lina.