Tizidutswa Totseka Njira za Madzi M'zitsime za Mafuta

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Johannesburg, kumene Amalawi timadandaula za mtengo wa petulo m'mateksi, koma sitikamba kawirikawiri za mavuto a pansi pa nthaka kumene mafutawo amachokera.

Chitsime cha mafuta chikayamba kufooka, akatswiri amapopera madzi pansi kuti akankhe mafuta otsala m'miyala. Vuto ndi lakuti madziwo amatsata ming'alu ndi malo osalimba, monga momwe madzi a m'dimba amathawira mu una wa mbewa n'kusiya mbewu zikufota. Mapeto ake, chitsime chimatulutsa madzi ambiri kuposa mafuta, ndipo ku Daqing, ku China, komwe mafuta anapezeka mu 1959, gawo la madzi linapitirira 90 pa 100.

Njira imodzi yothana ndi vutoli ndi kugwiritsa ntchito tizidutswa touma ta polyacrylamide, mankhwala opangidwa kufakitale amene amamwa madzi kwambiri. Ndinaona mfundo yake pa thewera la mdzukulu wanga, lomwe linali lopyapyala madzulo koma m'mawa linali litatupa ngati phala lozizira. Tizidutswati timamwa madzi n'kufufuma, timalowa m'ming'alu ikuluikulu n'kuitseka, kotero kuti madzi obwera pambuyo amakakamizika kudutsa m'miyala yomwe idakali ndi mafuta. Komabe mchere wochuluka umachepetsa kufufumako, ndipo kutentha kwambiri kumatiwononga.

Popeza nkhani yofufuza mafuta m'Nyanja ya Malawi imabukabe, ndikupempha nyuzipepala yanu kuti izifunsanso kumene madzi amchere otuluka m'zitsimezo adzatayidwe.

Wowerenga wanu,
Johannesburg