Kalata yodandaula: bezi ya "manzere" ndi ampu zimene munandigulitsa

Chibavi,
Mzuzu.

Kwa a Manejala,
Sitolo ya zida zoimbira,
Nthambi ya Mzuzu ndi likulu ku Lilongwe.

Bwana,

Ndalemba kalata ino chifukwa miyendo yatopa. Kanayi konse ndafika pa sitolo yanu mtauni muno, ndipo kanayi konse ndauzidwa kuti abwana ali ku Lilongwe, ndibwere sabata yamawa. Foni ya kulikulu imangoitana. Mauthenga anga a pa WhatsApp amaonetsa kuti awerengedwa, koma yankho ndi ziii. Ndiye ndati mwina kalata ndi imene ingakupezeni. Ndaiikanso pa intaneti kuti anzanga oimba aione, koma dzina la sitolo ndayamba ndalisunga.

Ndinene kaye chimene sindikudandaula nacho. Ndinkadziwa kuti ndikugula zakale. Tonsefe tinakulira kaunjika, ndipo bezi (gitala ya mawu a besi) imene ndinaphunzirira ine inali babatoni ya waya umodzi yomwe tinakhoma tokha ndi asuweni anga. Penti wosupuka kumbuyo, kadzimbiri pa zitsulo, chikwama chong'ambika zipi, zonsezo ndinaziona ndipo sindinatsegule pakamwa. Chandiwawa n'choti pa zinthu ziwiri zimene ndinafunsa mobwereza ndisanatulutse ndalama, anthu anu anandiphimba m'maso.

Ine ndine wamanzere. Kusukulu aphunzitsi anayesetsa ndi rula, kunyumba agogo anayesetsa pa mbale ya nsima, mpaka lero ndimadya ndi dzanja lamanja. Koma pa gitala zinakanika: dzanja lamanzere ndi limene limakhwasula mawaya, lamanja limagwira khosi. Zaka zonsezi kutchalitchi kwathu ndakhala ndikubwereka bezi ya anzanga n'kuitembenuza, waya wamkulu uli pansi, waung'ono uli pamwamba. Zimaimbika, koma ukayamba kuphunzira mozama umaona kuti ukusambira mokwera mtsinje. Chaka chatha ndinayamba kuzolowetsa zala pa bezi yamanzere yeniyeni ya mnzanga wina wa ku Luwinga, ndipo ndinalumbira kuti ndidzagula yanga.

Kumayambiriro kwa Juni ndinalowa m'sitolo mwanu n'kufunsa. Mnyamata wanu wa pakauntala anati muno mulibe, koma ku Lilongwe yafika imodzi, Squier ya mtundu wa Precision, yamanzere. Madzulo ake anatumiza chithunzi. Anati zamanzere ndi zosowa, ndiye mtengo ndi K420,000, kusiyana ndi zinzake zomwe zinali pa K360,000. Sindinatsutse, chifukwa ndi zoona kuti mafakitale amapanga zamanzere zochepa. Ndinasankhanso ampu (chokuzira mawu) ya mawati 100 ya sipika ya mainchesi 15, pa K550,000. Ndinafunsa ndi pakamwa pangapa kuti, "Achimwene, ampuyi ndi ya magetsi athu omwewa?" Iye anati, "Bigi, mungobaya pakhoma basi." Zonse pamodzi K970,000, lisiti ndili nalo, ndipo pamzere woyamba analemba yekha kuti bezi ndi yamanzere.

Mudziwe kumene ndalamayo inachokera. K670,000 ndi yanga, ya chipereganyu cha kuntchito chimene ndinadikira miyezi isanu ndi itatu. K300,000 inayo ndi ya achinyamata a kwaya yathu, anaipeza pa Pepa Sande. Amayi ena anaponya m'mbale ma K500 ogulitsa tomato pamsika wa Chibavi.

Katundu anafika Lachisanu madzulo, womatamata m'makatoni. Nditati titsegule tiyese, anyamata anu anati magetsi azima ndipo akutseka, ndikayesere kunyumba, pakakhala vuto ndibwere. Apa ndiye pamene ndinalakwa ine, ndikuvomera. Mtima unali kale kunyumba. Ndinakweza ampu pa kabaza mmodzi, ine ndi bezi pa wina, ulendo wa ku Chibavi m'kamvula kowaza kaja ka mwezi wa Juni.

Nditatsegula chikwama ndinangoti kakasi. Imene munanditumizira ndi bezi yamanja wamba. Munthu wina anangomasula mawaya onse anayi n'kuwabwezera chosemphana, E pomwe pamakhala G, A pomwe pamakhala D. Mwina kwa amene saimba kusiyana kwake n'kochepa, ndiye mundilole ndifotokoze mmene chinthuchi chilili m'manja mwanga.

Kumutu kwa khosi kuli kafupa koyera komwe mawaya amadutsapo, kali ndi timipata tinayi tosemedwa molingana ndi kunenepa kwa waya uliwonse. Panopa waya wa E, wonenepa kuposa onse, wakhala pamwamba pa kampata kakang'ono ka G, sunalowe n'komwe, ndipo kafupako kayamba kale mng'alu m'mbali. Kuti ndiudinikize pa fireti yoyamba (mafireti ndi tizitsulo topingasa ta pakhosi) ndimachita kuluma mano. Waya wa G nawo ukusambira m'mpata waukulu wa E, ukaukhudza umangoti nyeee ngati udzudzu. Kumunsi, pa buliji, tizitsulo tonyamula mawaya sanatisunthe. Waya wonenepa umafuna kachitsulo kake kabwerere m'mbuyo pang'ono kuposa ka waya wowonda, koma apa zili chadodolido. Ndiye ukachuna bwinobwino waya uli wosagwira, n'kufika pa fireti ya 12, mawu apita kwina. Woimba kiyibodi wathu anandiyang'ana ngati ndaledzera.

Sizinathere pomwepo. Timabatani ta voliyumu ndi bowo la jeki (polumikizira waya wopita ku ampu), zomwe zimayenera kukhala pansi kutali ndi mkono, zili pamwamba, pansi pa mkono wanga weniweni. Ndikangoyamba kuimba mkono umapukusa voliyumu, mawu n'kuzimirira pakati pa nyimbo. Nyanga yaitali ya thupi, yomwe imanyamula lamba kuti gitala isagwere kumutu, yapita pansi, ikutchinga dzanja ndikafuna kukwera khosi. Ndipo timadontho toyera ta m'mphepete mwa khosi, tija woimba amasuzumirapo kuti adziwe pomwe ali, tikuyang'ana simenti. Pickup (kachipangizo kotola mawu a mawaya) ya Precision ndi yogawika pawiri, theka lina linasendera kukhosi kuti litole mawaya aakulu, lina kubuliji kuti litole aang'ono. Mwa ine zasinthana.

Usiku umenewo ndinabwerera ku chithunzi chija, kudzifunsa kuti kodi maso anga anali kuti. M'chithunzimo bezi ikuonekadi yamanzere. Dzina la kumutu linabisika ndi dzanja la amene anainyamula. Koma nditachikulitsa ndinaona kalendala pakhoma kumbuyo kwake, ndipo manambala onse ndi otembenuka ngati pagalasi. Chithunzicho chinatembenuzidwa. Kaya ndi kamera ya kutsogolo ya foni imene inachita zimenezo, kaya ndi munthu mwadala, mukafufuze ndinu. Koma amene anamasula mawaya anayi n'kuwabwezera chosemphana si kamera.

Za ampu n'zachidule chifukwa moyo wake m'nyumba mwanga unali wachidule. Ndinabaya pakhoma monga anandiuzira, n'kuyatsa. Inalira huuu, kagetsi kofiira kanawala kwambiri, kenaka phuu, fungo la waya wopserera chipinda chonse. Mayi a kunyumba anathamangira kukhitchini poganiza kuti ndiwo zapsa. Bezi ndinali ndisanailumikize n'komwe.

Lolemba ndinapita nayo kwa mmisiri wina wokonza mawailesi ndi maampu pafupi ndi msika waukulu, bambo wachikulire amene oimba ambiri muno amamudalira. Asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi anaitembenuza, n'kukanda ndi chikhadabo sitika ya mtengo ya sitolo yanu imene inamatidwa kumbuyo. Pansi pake panalembedwa kuti 120V, 60Hz. Ampuyi inapangidwira ku America. Magetsi athu kuno ndi a 230V, 50Hz, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Pulagi yake yoyamba ya timano tiwiri tophwatalala inadulidwa, n'kuikapo yathu ija ya mano atatu, ndiye munthu ukaiona sungakayike chilichonse. Atatsegula mkati tinapeza thiransifoma yapsa, yakuda bii. Fyuzi, yomwe ikanaduka msanga n'kupulumutsa zinazo, inali yokulungidwa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Bamboyo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, uthokoze kuti nyumba ilipo."

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chimene anandiuza pambuyo pake. Ampu za 120V zilipo zambiri m'dziko muno, zimabwera m'makontena, ndipo anthu amaziimbira zaka ndi zaka. Chofunika ndi kabokosi kotsitsa mphamvu ya magetsi kokha, kaja amati step-down. Anyamata anu akanangondiuza, ndikanagula kabokosiko tsiku lomwelo, kapena ndikanasankha ampu ina. Ndipo ngati ku Lilongwe munaiyesa n'kuimva ikulira, monga anyamata anu akunenera, ndiye kuti munaiyesera pa kabokosi koteroko, kutanthauza kuti munkadziwa.

Bambo yemweyo anayang'ananso bezi. Khosi lake ndi lopindika pang'ono ngati uta, zomwe si zachilendo, makamaka kuno kwathu komwe chinyontho ndi kuzizira zimasuntha thabwa. Zimawongoleka pomanga chitsulo cha mkati mwa khosi. Koma mutu wa chitsulocho unadyeka, sipanala ikungozungulira. Chimenechinso palibe anandiuza.

Nditabwera kusitolo ndi zonsezi, mnyamata wanu anandilozera chikwangwani cha pakhoma chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Kenaka anaseka n'kunena kuti, "Bigi, nanga Jimi Hendrix sankaimba yotembenuza?" N'zoona, Hendrix, woimba wotchuka wa ku America uja, anali wamanzere ndipo ankaimba gitala ya Stratocaster yamanja ataitembenuza. Koma iye ankadziwa chimene wanyamula, anachita kusankha yekha. Palibe anamulipiritsa K60,000 yapamwamba pomuuza kuti ndi yamanzere. Za ampu anati mwina magetsi a ku Chibavi ndi amene anabwera mwamphamvu. Pa soketi yomweyo pamakhala TV ndi filiji, zonse zili bwinobwino mpaka lero. Ulendo wachitatu anandiuza kuti ndionjezere K200,000 andipatse ampu ina. Kumeneko ndiye kudyera munthu masuku pamutu.

Mmisiri uja akuti beziyi angathe kuisintha: kusema kafupa katsopano, kusuntha tizitsulo ta pabuliji, kuboola pena pomangirira lamba. Ndikudziwa anzanga amene anachita zotero ndipo akuimba mosangalala. Koma mabatani adzakhalabe pansi pa mkono, nyanga idzakhalabe pansi, khosi lidzakhalabe losawongoleka, ndipo ndikangoiboola mudzati ndaononga ndine. Choncho sindinaisinthe chilichonse. Ili m'chikwama chake momwe inabwerera.

Pakadali pano ndabwerera pobwereka. Ukwati umene tinaimba ku Katoto kumapeto kwa Juni tinachita kubwereka ampu pa K40,000, ndipo sabata yotsatira chimodzimodzi. Lamulungu lililonse achinyamata amandifunsa kuti, "Ankolo, zida zathu zija zili kuti?" Ena ayamba kale kunong'onezana kuti mwina ndalama ndinadya. Ine ndakhala mumpingo umenewu zaka khumi ndi ziwiri popanda wondiloza chala, lero ndikuyenda ndi lisiti lanu m'thumba la jekete kuti ndizionetsa anthu.

Zimene ndikupempha ndi izi. Mutenge bezi yanu ndi ampu yanu, mundibwezere K970,000 yonse, kuphatikizapo K25,000 imene ndinalipira mmisiri poyeza. Ya kubwereka ampu ija ndaisiya, ikhale mtengo wa kupupuluma kwanga kosayesa katundu pasitolo. Ngati mungakonde kusinthitsa m'malo mobweza ndalama, ndivomera pokhapokha bezi yamanzere yeniyeni ndi ampu ya 230V zitabwera kuno ku Mzuzu, ndiziyese ndekha m'sitolo mwanu magetsi akuyaka, mmisiri wanga ali pomwepo, masitika onse atamatulidwa. Pa chithunzi sindigulanso.

Ndikupatsani masiku 14 kuchokera tsiku limene nthambi yanu ya Mzuzu isainire kalata ino. Chikwangwani chanu chija sichiposa lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo sichingaphimbe katundu wogulitsidwa ndi mawu abodza. Masikuwo akatha osamva kanthu, ndikatula nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission komanso ku bungwe loimira ogula la CAMA, ndipo pamenepo dzina la sitolo sindidzalisunganso. Ndaphatikiza fotokope ya lisiti, chithunzi chija cha kalendala yotembenuka, zithunzi za thiransifoma ndi fyuzi, mauthenga onse a pa WhatsApp, ndi kalata ya mmisiri. Sitika yanu ya mtengo ndaisunga m'envulopu, nayonso idzapita komweko.

Nambala yanga ya foni ili pa lisiti lanu. Ndimaweruka 4 koloko, ndipo Loweruka ndimakhala ndilipo tsiku lonse kupatula nthawi ya kwaya.

Ine kasitomala wanu,
Woimba bezi wa ku Chibavi.