Kalata yochokera ku St Martin's Le Grand

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku London kwayamba kuzizira, koma tikudzuka.

Poti munakalambira pa kauntala ya positi ofesi, ndati ndikuuzeni za likulu lakale la mtengatenga wa makalata kunoko. Linali mu msewu wa St Martin's Le Grand, kufupi ndi tchalitchi cha St Paul's. Analitsegula mu 1829, chinyumba cha mizati italiitali, ndipo ikamayandikira 6 koloko madzulo anthu ankapanikizana pakhomo kuti makalata awo asatsalire. Mu 1912 analigumula. Ntchito inali itasamukira m'nyumba ya King Edward Building, ndipo nayonso lero muli banki ya ku America.

Panja pake paima chiboliboli cha Rowland Hill. Kale wolandira kalata ndiye ankalipira, mtengo wake kutengera mtunda, moti osauka ena ankaikana kalata ya m'bale wawo ili m'manja mwa wobweretsa. Mu 1840 maganizo a Hill anatheka: wotumiza azilipira peni imodzi, kalata ipite kulikonse m'dzikomo. Masitampa amene munkagulitsa aja gwero lake ndi limeneli.

Koma chimene chandigwira mtima chili kutsidya kwa msewu, m'kapaki kotchedwa Postman's Park. Kale panali manda a matchalitchi, ndipo dzinalo linabwera chifukwa ogwira ntchito ku positi ankadyerapo nkhomaliro. Pakona pali kakhonde ka mitengo, ndipo pakhoma anamatapo matailosi olembedwa maina a anthu wamba amene anafa populumutsa anzawo. Anayambitsa ndi katswiri wojambula zithunzi, George Frederic Watts. Atatsegula mu 1900 panali matailosi 4 okha. Iye atamwalira mu 1904 mkazi wake Mary anapitiriza. Malo anakonzera 120, koma omatidwa ndi 54. Mizere ina ili mbee mpaka lero.

Palibe mfumu kapena kazembe pamenepo, achimwene. Pali Alice Ayres, mwana wa munthu wothandizira amisiri omanga. Nyumba itagwira moto mu 1885, anaponya matiresi pawindo n'kugwetserapo ana atatu mmodzimmodzi. Pofika nthawi yake yodumpha, utsi unali utamufoola, anagwa moipa, ndipo anamwalira patapita masiku awiri. Pali John Clinton, wazaka 10 zokha, amene anamira pafupi ndi London Bridge mu 1894 pofuna kuvuula mnzake wamng'ono. Zaka 10! Msinkhu wa mdzukulu wanu uja. Tailosi yomaliza anamata mu 2009, ya Leigh Pitt, amene anapulumutsa mnyamata mu ngalande ya ku Thamesmead mu 2007 koma iye osatulukamo.

Hill anayenera chiboliboli chake, sindikutsutsa. Koma ine ndikuona kuti khomali ndi lolemera kuposa mkuwa wake, chifukwa anthu awa akanaiwalika maliro atangotha. Powerenga ndinakumbukira namondwe wa Freddy mu 2023, ndi amene analowa m'matope ku Chilobwe kukafukula anansi awo. Ndikanakonda maina awo atalembedwa penapake pomwe ana angawerenge.

Mundiyankhe ndi kalata yapamanja, yomata sitampa, ngati maso akulola. Mundiuzenso ngati denga la nyumba munamaliza mvula isanagwe. Moni kwa alamu ndi onse kumudzi.

Ndine mnzanu wa kalekale.